Dzina la Galu Lichokere mu Mphika Wathu

Pa mau onse amene amatchulidwa pakhomo pa munthu, ndi ochepa amene amafuulidwa kawirikawiri ngati dzina la galu. Dzina la mwana limamveka mwanayo akamatumidwa, ndipo akakula timayamba kulizemba pomutchula ndi mfunda wake kapena ndi dzina la mwana wake woyamba. Dzina la bambo kapena mai wa pakhomo silitchulidwa wamba pagulu. Koma la galu limamveka m'mamawa mbuzi zikamatuluka m'khola, masana nkhuku zikafika pa mphasa ya ufa, ndiponso pakati pa usiku fisi akalira kutsidya kwa mtsinje. Mlendo amalimva asanalandire moni wa mwini nyumba. Ngakhale zili choncho, ambiri a ife timasankha dzinali mosalingalira, monga mmene munthu amatolera mwala wogendera mango.

Kumaiko a Azungu kuli chizolowezi chotcha agalu maina a zinthu zakudya, ndipo achinyamata athu, amene tsopano amaona za maiko akutali pa lamya za m'manja, ayamba kuchitengera. Kamwana ka galu kakangofika pakhomo, mumva kuti dzina lake ndi Bisiketi, Shuga, Khofi kapena Chokoleti. Akuluakulu ena zimenezi sizikuwakomera. Iwo akuti chakudya ndi chinthu cholemekezeka, chosayenera kuchiphatikiza ndi nyama imene dzina lake timatukwanira munthu. Maganizo anga ndi akuti dzina la chakudya limaposa maina ena amene tinawazolowera, malinga ngati lichokera mu mphika wathu womwe, ndiponso ngati wotchayo azindikira kuti dzina lotere ndi ngongole imene ayenera kumabweza tsiku ndi tsiku. Ndiyesa kufotokoza zifukwa zake, ndipo inu awerengi mudzaweruza nokha.

Tiyambe ndi kukumbukira malo a galu m'dera lathu lino la kunsi kwa mapiri a Dedza. Kuchokera ku Mtakataka, kudzera pa Mua, mpaka kukafika ku Golomoti, galu ndi wantchito. Minda imene yayandikana ndi nkhalango ya Mua-Livulezi imavutika ndi anyani ndi nguluwe, makola a mbuzi amayenderedwa ndi afisi, ndipo nkhokwe ikadzaza akuba nawo sagona. Mlonda amene salandira malipiro pa kutha kwa mwezi ndi galu. Nthano ya makolo ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati munthu atapeka moto n'kuyatsa tchire, nyama zambiri zinathawa zili ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Kuyambira pamenepo galu sanatalikire mafuwa. Ubale wake ndi ife unayambira pamoto pamene timaphikira, ndipo mfundo imeneyi tisaiiwale pamene tikukamba za dzina lake.

Tikayang'ana maina amene agalu athu akhala akudziwika nawo, tipeza kuti ambiri ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la maina ophiphiritsa, amene makolo athu ankatumizira uthenga kwa munthu amene sakanatha kumuyankha maso ndi maso. Mkamwini amene apongozi ake sanali kumuyamikira, ngakhale alime chotani, ankapeza kagalu n'kukatcha Mudzatopa. Mai wa pamitala amene mkazi mnzake ankamujeda pamtondo ankatcha wake Nenani kapena Mwandida. Banja limene achibale ankalilowerera m'zonse linali ndi Tilekeni. Madzulo, mudzi uli zii, mwini wake ankaima pabwalo n'kufuula kuti, "Mudzatopa! Mudzatopa, bwera kuno!" Mwini nkhani ankamva, mudzi wonse unkamva, koma panalibe mlandu wopita nawo kwa mfumu, popeza munthuyo amangoitana galu wake.

Luso limeneli si la Achewa ndi Angoni okha. Katswiri wina wa ku Zimbabwe, Liveson Tatira, analemba m'chaka cha 2004 za mmene Ashona amalankhulirana kudzera m'maina a agalu pa nkhani zimene sangazitulutse poyera. Ine monga mphunzitsi ndimawalemekeza maina otere, chifukwa ali ngati mikuluwiko: mau amodzi asenza mlandu wonse. Anali njira ya munthu wopanda mphamvu yopumirako mtima ukadzaza, ndipo nthawi zina ankaletsa ndeu imene ikanatha ndi mabala.

Koma tiyeni tifunse: amene amalipira mtengo wa luso limeneli ndani? Ndi galu. Nyama imene sidziwa kanthu za mkangano wa malire a munda imasanduka mbendera ya udani. Apongozi aja sangamenye mkamwini, koma Mudzatopa akadutsa pakhomo pao amakumana ndi chikuni cha moto kapena madzi otentha, ndipo tonse tamvapo za agalu amene anafa atadya mbamu yothira tameki. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa zodya wamkulu zimapota wosalakwa. Chinanso n'chakuti mkangano umatha koma dzina limatsala. Galu amakhala zaka khumi kapena kupitirira. Anthu atagwirana kale chanza pamaso pa ankhoswe, dzina lija limapitiriza kutokosa chilonda m'mawa ndi madzulo, ndipo ana amene anabadwa mkanganowo utatha amakula akulifuula osadziwa kuti akunyoza agogo ao.

Gulu lachiwiri ndi la maina obwereka. Ndani sanamvepo za Taiga, Denja, Poizoni, Bulaki, Sipoti kapena Bobo? Ambiri a maina amenewa tinawatola kwa Azungu a m'maboma ndi m'minda ya fodya, ndipo ena anabwera ndi abale athu amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Ngakhale mau akuti futseki, amene timapirikitsira galu, anachokera ku chilankhulo cha Afrikaans cha ku South Africa. Maina otere sanyoza mnansi, zimenezo n'zoona. Koma ambiri mwa iwo ndi oopseza, ndipo mnyamata amene watcha galu wake Denja amafuna kuti galuyo afanane ndi dzina lake. Amamumanga pamtengo tsiku lonse, amamuthira tsabola m'chakudya poganiza kuti alusa, amamukhwizira kwa ana opita kusukulu. Zotsatira zake ndi galu amene ngakhale mwini wake sangamugwire. Kuonjezera apo, maina amenewa amaphunzitsa mwana mwakachetechete kuti chinthu chimene ukunyadira uyenera kuchitchula m'Chingerezi, ngati kuti Chichewa chimangoyenera kutukwanira.

Tsono taonani chimene dzina la chakudya limachita. Silinena munthu aliyense. Palibe mpongozi amene angapse mtima chifukwa galu wa mkamwini wake ndi Chigumu. Siliopseza mwana wodutsa panjira, ndipo silikakamiza mwini wake kusandutsa galu chilombo. Munthu sangathe kufuula kuti "Chitumbuwa!" nkhope ili yokwinya. Dzina lotere limabweretsa kumwetulira pakati pa mwini nyumba ndi mlendo, ndipo limatchula chinthu chimene aliyense pamudzi amachikonda. M'mudzi mmene anthu amadalirana pa maliro, pa ulimi ndi pa matenda, dzina limene lifuulidwa kakhumi pa tsiku popanda kulasa munthu mtima ndi laphindu ndithu.

Wina asaganize kuti maganizo otere ayamba ndi ana a lero. Mfumu Intef II ya ku Thebes m'dziko la Egypt, imene inalamulira zaka zoposa 4,000 zapitazo, inasemetsa agalu ake pa mwala wa pamanda ake, aliyense ndi dzina lake. Akatswiri owerenga malembo akalewo amati dzina la galu mmodzi limatanthauza "wakuda", ndipo la wina amalimasulira kuti "mphika". Mfumu ya chuma chonse chija inaona kuti n'koyenera kuti galu wake akumbukiridwe ndi chiwiya cha kukhichini.

Funso lalikulu ndi lakuti chakudyacho chichokere kuti. Apa ndi pamene ndikusiyana ndi achinyamata amene akutcha agalu ao Bisiketi ndi Chokoleti. Kuchita zimenezi ndi kubwereka komwe kuja, kungoti tachoka ku Taiga tapita kugolosale. Ndipo pali chodabwitsa chimene ambiri sachidziwa: chokoleti ndi chiphe kwa galu, moti akachidya chambiri amatha kufa. Kodi n'kwanzeru kutcha bwenzi lako dzina la chinthu chimene chingamuphe? Ife a kumunsi kuno tili ndi nkhokwe ya maina imene sitinayambe n'komwe kuitapa. Kum'mawa kwathu kuli nyanja, kumadzulo kuli mapiri, ndipo pakati pali chigwa chimene muli sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, yomangidwa ndi thandizo la boma la Japan, mmene alimi amalima mpunga ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi zakudya zake ndi maina ake.

Galu woonda, wopepuka miyendo, amene amati akathamanga umangoona kung'anima, ndi Usipa ameneyo. Wautali thupi ndi wa mano akuthwa ayenera kukhala Ncheni. Wa ndevu zazitali ndi mutu waphanthi ndi Kampango kapena Mlamba. Wofiirira ngati chofufumitsa chimene changophulidwa kumene ndi Chigumu, ndipo kamwana konenepa kozungulira ndi Chitumbuwa. Wamawangamawanga ndi Nzama. Wamng'ono koma waukali ndi Kambuzi, monga tsabola uja amene amachepa m'maso koma amaliza munthu wamkulu. Wosakonda kuseweretsedwa, wa nkhope yowawasa, ndi Bwemba. Wotuwa ndi Malambe, chipatso cha mitengo ikuluikulu imene yadzaza chigwa chino. Ndipo galu amene amapulumuka m'chingwe chilichonse chimene mungamumange nacho, kodi pali dzina lomuyenera kuposa Therere? Tikhoza kupitiriza ndi Futali, Thobwa, Chiponde, Nsinjiro, Masawu ndi Kachewere, mbatata ija imatsika kuchokera kumtunda kwa Dedza.

Inu aphunzitsi anzanga mwaona kale chimene chikuchitika apa. Mwana amene wayang'ana galu wake n'kunena kuti "uyu ndi Nzama" wachita ntchito ya mlakatuli. Wapenyetsetsa, wafanizira chinthu china ndi chinzake, ndipo wasankha mau amodzi oyenera. Ndi zomwezo zimene timavutika kuwaphunzitsa m'kalasi pamene tikukamba za zifanifani. Mwana amene watcha galu wake Taiga sanayang'ane galuyo n'komwe. Wangobwereza zimene anamva kwa mnzake, ndipo nyama imene dzinalo likutchula sipezeka m'tchire la Afirika.

Posankha dzina tiyeneranso kuganizira khutu la galu. Akale anadziwa kuti dzina lalitali silithandiza pa uzimba. Xenophon, Mgiriki amene analemba za kusaka ndi agalu zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, analangiza kuti maina a agalu akhale aafupi kuti asavute kuitana. Columella, mlembi wa za ulimi wa m'nthawi ya Aroma, anakonda maina a maphatikizo awiri. Maina athu a zakudya ambiri ali ndi maphatikizo awiri kapena atatu, ndipo amathera pa lembo la liu limene munthu angalikoke pofuula kuti limveke kutsidya kwa dambo. Thobwa, Bwemba, Nzama ndi Usipa onse akukwanira pa muyeso umenewu. Chikondamoyo ndi dzina lokoma, koma pofika pomaliza kulitchula mbuzi idzakhala italowa kale m'dimba.

Nanga galu amaliphunzira bwanji dzina lake? Iye sadziwa tanthauzo la Chigumu kapena la Denja. Amangodziwa chimene chimatsatira liu limenelo. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1904, anaonetsa kuti galu amene wazolowera kumva phokoso lina chakudya chisanafike amayamba kuchucha dovu pongomva phokosolo. Ndipo nzeru za galu pa nkhani ya mau si zochepa: m'chaka cha 2011 kunalembedwa za galu wina wa ku South Carolina ku Amereka, dzina lake Chaser, amene mphunzitsi wake John Pilley anamuphunzitsa maina 1,022 a zidole. Njira yake ndi yapafupi. Kagalu kakali kakang'ono, itanani dzina lake kamodzi. Kakatembenuka n'kubwera, kapatseni mutu wa usipa kapena kambamu ka nsima, ndipo kasisiteni. Musakaitane ndi dzina lake pofuna kukamenya, chifukwa kadzaphunzira kuti liu limenelo ndi chizindikiro chothawira. M'mera mpoyamba. Dzina la galu limalowa m'mutu mwake kudzera pakamwa, kotero kuti dzina lililonse limene galu amavomera linagulidwa ndi chakudya. Kumutcha dzina la chakudya ndi kungovomereza poyera zimene zili zoona kale.

Tsopano tiwamvere akuluakulu aja amene akuti mchitidwewu ukunyoza chakudya, popeza galu wamkota sakandira pachabe. Iwo anaona zimene ana a lero sanaone. M'chilankhulo chathu njala ikagwa timati kwafika galu wakuda. Galu ameneyu anayenda m'dziko muno m'chaka cha 1949, anabweranso m'chaka cha 2002 pamene maboma a chigawo chapakati anavutika kwambiri, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Munthu amene anadyapo gaga ndi mizu ya m'tchire, amene anaika m'manda mwana chifukwa cha njala, sangaseke pomva mdzukulu wake akukalipa kuti, "Choka apa, Nsima!" Kwa iye mau amenewo ali ngati kupirikitsa mwayi pakhomo.

Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo likutipatsa malire oyenera. Pali zakudya zimene ndi moyo weniweni wa banja, monga nsima, ufa, chimanga ndi phala. Ufa ndi umene makolo ankathira nsembe popempha mvula, ndipo nsima ndi imene timalandirira mlendo ndi kudyera pamodzi pa maliro. Maina amenewa tiwasiye pamalo pake. Palinso chifukwa china chosakhudza mwambo: mau amenewa amatchulidwa pakhomo kambirimbiri pa tsiku. Galu wotchedwa Nsima adzathamangira kukhichini nthawi iliyonse mai akaitana ana kuti nsima yapsa, adzapirikitsidwa, ndipo posakhalitsa adzaleka kulabadira dzinalo. Ulemu ndi nzeru apa zagwirizana. Koma zipatso za m'tchire, nsomba za m'nyanja, zokazinga za pamsika ndi zokometsera ndiwo sizikhala ndi kulemera kotere. Palibe amene ananyoza bwemba potcha galu wake Bwemba; m'malo mwake dzina la chipatsocho limakhalabe pakamwa pa ana amene akanaliiwala.

Ndinanena poyamba kuti dzina la chakudya ndi ngongole. Tanthauzo lake ndi ili. Ambiri a ife timaweta galu koma sitimudyetsa. Timati galu amadzionera yekha, ndipo chakudya chake ndi nkhoko zotsala mu mphika ngati ana sanazithe. Galu wotere amayenda mudzi ndi mudzi, amafukula m'nkhuti, amaba nsomba zoyanika za asodzi, amagwira anapiye a mnansi, ndipo usiku umene akuba abwera iye amakhala ali kumsika kufunafuna mafupa. Munthu amene galu wake ndi Denja angathe kuona nthiti za galuyo zili pamtunda osamva manyazi. Koma taganizirani munthu akufuula kuti "Chitumbuwa!" ndipo kukutulukira chinthu cha mafupa okhaokha, chodzaza nkhupakupa, chikudzandira ndi njala. Mudzi wonse udzaseka, ndipo woseketsa si galuyo. Dzina la chakudya limamuneneza mwini wake nthawi iliyonse imene alitchula.

Kubweza ngongoleyi sikufuna chuma cha bwana. Phala la madeya kapena nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi mitu ya usipa, msuzi wotsala kapena nyemba, kawiri pa tsiku, pamodzi ndi mbale ya madzi abwino pamthunzi, ndi zokwanira kusunga galu pakhomo. Kuno kotentha madzi ndi ofunika kwambiri, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Pali zina zimene sitiyenera kumupatsa, monga anyezi wambiri, adyo, mphesa, ndi mafupa a nkhuku ophika amene amasweka mosongoka n'kulasa m'matumbo. Ngati banja likuona kuti silingathe kupatula kambale kameneka tsiku lililonse, ndi bwino kusatenga galu n'komwe. Kukana kagalu kamene mnansi akukupatsa si mwano, ndipo kuli bwino kuposa kukalandira n'kukasandutsa wakuba wa m'mudzi.

Pali chifukwa chinanso chachikulu, chokhudza miyoyo ya ana athu, ndicho matenda a chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Afirika ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga polumidwa ndi galu. Mwa anthu khumi alionse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, anai amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Komabe matendawa ndi opeweka. Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, ndi katemera wake m'chaka cha 1885, ndipo tsiku la 28 Sepitembala, limene Pasteur anamwalira, ndi limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabaidwa katemera, matendawa amaleka kufala.

Zimenezi n'zotheka m'Malawi muno. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zoweta, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Koma tsiku la katemera likafika, chimene chimalepheretsa anthu ambiri si mtunda wokha: galu amakana kugwidwa. Galu amene sanaitanidwepo mwachikondi, amene dzanja la munthu amalidziwa pomugenda basi, amaona chingwe n'kulowa m'tchire, ndipo amabwerako alangizi a ziweto atapita. Ndi yemweyo amene mawa adzalumana ndi nkhandwe yachiwewe m'mphepete mwa nkhalango, n'kubweretsa imfa pakhomo. Koma galu amene anaphunzira dzina lake ndi mutu wa usipa amabwera akaitanidwa, amalola mwana wa sukulu kumumanga chingwe, ndipo amayenda naye mpaka pamalo a katemera. Apa ndi pamene nkhani imene inaoneka ngati yoseweretsa yafika pa moyo ndi imfa. Ndipo aliyense akumbukire kuti munthu akalumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati galuyo adwale.

Wina adzati, anthu akusowa feteleza ndi ndalama za sukulu, mphunzitsi wathunthu n'kumataya nthawi ndi maina a agalu? Yankho langa ndi lakuti chikhalidwe cha mtundu wa anthu chimaonekera m'tinthu ting'onoting'ono timene timachita popanda wotiyang'anira. Pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1902, Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zosungidwa za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Zambiri mwa zimenezo anthu a m'midzi ankaziona ngati zawamba, koma chifukwa wina anakhala pansi n'kufunsa tanthauzo lake n'kulilemba, lero alendo amachokera kutali kudzaphunzira. Maina ophiphiritsa a agalu akuyenera chisamaliro chomwecho asanathe pamodzi ndi nkhalamba zimene zikuwadziwa.

Choncho ndikupempha aphunzitsi a Chichewa kuti pa tchuthi chikubwerachi atume ophunzira ao kukafunsa agogo maina a agalu amene anawadziwa pa ubwana wao, ndi nkhani imene inabala dzina lililonse, popanda kutchula eni mikanganoyo. Pamenepo padzatuluka chimangirizo chokoma kuposa chija chozolowereka cha ulendo wa pabasi. Malo oyenera a Mudzatopa ndi Mwandida tsopano ndi m'kope la wophunzira, mmene angatiphunzitse luso la makolo popanda kupweteketsa nyama kapena kudzutsa udani.

Kwa inu anyamata ndi asungwana amene mwamaliza Fomu 4 ndipo muli pakhomo kudikira zotsatira, mwina galu ndi chamoyo choyamba chimene chidzadalire inu pa zonse. Musanamutche dzina, khalani naye masiku awiri kapena atatu, muone mtundu wa ubweya wake, mayendedwe ake ndi mtima wake. Kenaka yang'anani pa thandala la nsomba, m'dengu la zipatso kapena m'chiwaya cha amai pamsika, ndipo musankhe dzina lalifupi limene agogo anu angalitchule osaluma lilime ndiponso limene mnansi wanu angalimve osakhumudwa. Mukatero, mum'patse mbale yake madzulo alionse, ndipo alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, inu ndi Usipa wanu mukhale oyamba pamzere.